Njinga Ziwiri Padenga la Galimoto ya Bambo

Amayi anga ali ndi mkazi mnzawo, ndipo amagona m'shedi kutsogolo kwa nyumba. Ndi galimoto ya bambo, yoyera, yakalekale koma yopanda ngakhale kachipsera. Bambo anayendetsa magalimoto a eni ake zaka makumi atatu, ndiye atapuma ntchito n'kugula yawoyawo, chikondi chonse chinathera pamenepo. Amaisambitsa m'mawa uliwonse iwo asanasambe. Ntchentche ikatera pagalasi amaimva ali kuchipinda.

Ndiye taganizani ine, mwana wawo mmodzi yekha, kukagwa m'chikondi ndi wokonza njinga.

Anzake amamutchula kuti Sipoko chifukwa ndi wamtali komanso wowonda ngati sipoko ya njinga. Miyezi isanu ndi itatu tili pa chibwenzi, anali asanapondepo pabalaza pathu. Amathera pakhonde, chipewa m'manja, bambo akumuyang'ana ngati wabwera kudzawerenga mita ya madzi.

"Njinga ikangoima imagwa," bambo ankatero. "Ndiye iwe ukufuna kutsamira munthu wa zimenezo?"

Amayi ndi amene anandimenyera nkhondo. Gulu la anzake a Sipoko limakapalasa njinga kumapiri kunja kwa tauni, ulendo wa ola limodzi pagalimoto, ndipo Lamlungu limenelo anandiitana. Nditapempha galimoto, bambo anakhala chete masiku awiri. Lachitatu anandiitana, amayi ataima kumbuyo kwa mpando wawo ngati apolisi.

"Mfundo ziwiri," anatero. "Woyendetsa ndiwe wekha, wa masipokoyo asakhudze chiwongolero changa. Chachiwiri, galimoto ibwere mmene yachokera. Zikatero, mnyamatayo alowe m'nyumba muno Lamlungu madzulo, ndimve zimene akufuna."

Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Chinatsala chinali chimodzi chokha, chaching'ono: njinga ziwiri sizikwana m'buti. Pankafunika kaliyala wonyamulira njinga.

* * *

Lachinayi masana Sipoko anabwera ndi tepi yake yoyezera. Munthu ameneyu sachita kanthu asanayeze. Tsiku limene tinakumana, ndinapita kukamatitsa tayala, iye n'kuyamba kuyeza chishalo changa, akuti ndicho chimandipweteketsa mawondo. Ndinamukonda chifukwa cha tepi imeneyo, ndipo tsiku limeneli ndinalakalaka kuiponya pamoto.

"Makaliyala alipo amitundu itatu, bambo," anayamba, atawerama pang'ono. "Wina amamangiriridwa pachitsulo chokokera ngolo kumbuyo. Ndi wolimba kwambiri, koma galimoto yanuyi ilibe chitsulocho. Pangafunike kuboola pansi."

"Kuboola chiyani?" Bambo anagwira pachifuwa.

"Ndiye timusiye ameneyo. Wachiwiri amakoleka pabuti ndi malamba. Ndili naye ku shopu, ndi amene ndikuona kuti akuyenera."

"Malamba pa penti yanga? Ndi zingowe zomwe?"

"Ali ndi mphira, bambo. Ndiikanso nsalu pansi pake."

"Nsalu!" Bambo anayang'ana amayi ngati awapempha kuti aikire umboni.

Pamenepo pageti panalira hutala. Anali Wamasipeya, mwana wa mnzawo wa bambo, amene ali ndi sitolo ya zipangizo za magalimoto. Ndi amene bambo anandisankhira mumtima mwawo kalekale. Amavala malaya oyera ngakhale pogulitsa oilo, ndipo amaseka bambo asanamalize nthabwala. Amene anamuuza za kaliyala sindinachite kufunsa.

"Bambo, ndamva kuti pali kavuto," anatero, akutsitsa katoni yaitali. "Uyu ndi wa padenga. Amagwira pazitsulo zili pamwambazi, penti saikhudza n'komwe. Njinga zimaima chilili ngati asilikali. Ndi mphatso yanga, musandiyankhe."

Nkhope ya bambo inawala. Sipoko anangotambasula tepi yake, kuyeza galimoto kuchokera pansi kufika padenga, kenako n'kupita kukayeza mtanda wachitsulo wa pakhomo pa shedi. Anakwera pa ndowa kuti afikire bwino.

"Ukuyeza nyumba yanga?" bambo anafunsa. "Wayamba kale kuona za chuma chamasiye?"

"Ayi bambo. Kaliyala ameneyu ndi wabwino, sindikumunyoza. Koma njinga zikaima padenga zipitirira mtanda uwu ndi mkono wathunthu. Zili pamwamba sizioneka kwa woyendetsa. Munthu akabwera wotopa, amaiwala n'kulowa nazo."

"Zaka makumi atatu pamsewu, sindinaiwalepo katundu amene ndanyamula."

"Koma woyendetsa si inu, bambo."

Wamasipeya anayang'ana nsapato zake akumwetulira. Ine ndinatembenukira kwa Sipoko.

"Ndiye ukuti woiwalaiwala ndi ine?"

"Sindinatero. Aliyense akhoza..."

"Mwana wanga ndinamuphunzitsa ndekha," bambo anamudula. "Tiika wa padenga."

Amuna atatu anazungulira galimoto, wina ndi sipanala, wina ndi tepi, wina ndi kansalu kopukutira zala za anzake. Ulendo unali wanga, koma panalibe amene anandifunsa kuti ndikufuna kaliyala uti. Kunena zoona, ndikanasankha wa malamba. Koma Sipoko atandichititsa manyazi chonchija pamaso pa Wamasipeya, ndikanalolera kusenza njingazo pamutu kusiyana ndi kumuvomereza.

* * *

Loweruka madzulo uthenga wa Sipoko unalowa.

"Ukadali wokwiya?"

"Ndaiwala. Paja ndine woiwalaiwala."

"Iwe, ndinalankhula molakwika. Ndimaopa zoti tingataye mwayi wa mawa chifukwa cha chitsulo."

"Ukanatha kundiuza ndili ndekha."

"Zoona. Pepa. Koma pobwerera ndimanga kansanza kofiira pachiwongolero. Ndimatero ndi makasitomala onse a kaliyala wa padenga. Ukakaona, ukumbukira kuima panja pa geti."

"Ndine kasitomala tsopano?"

"Ndiwe kasitomala amene sanalipirepo chigamba chake choyamba."

Ndinaseka ndekha, ngakhale sindinafune. Ndinamutumizira kamtima kamodzi kokha, kuti asazolowere.

* * *

Lamlungu tinakwezera njinga kunja kwa geti. Yanga inali wamba. Ya Sipoko anaimanga yekha zaka ziwiri, felemu kwina, mawilo kwina, sipoko iliyonse anaikoka ndi dzanja lake. Bambo anazungulira galimoto katatu, n'kundipatsa makiyi ngati akupereka mwana wakhanda.

Kumapiri kunali bwino mpaka pamene anatulukira mtsikana wa jezi yachikasu. Aliyense m'gululo ankamudziwa kupatula ine. Anali ndi miyendo ya munthu wopalasa tsiku ndi tsiku, ndipo ankaseka mutu utapendekera kumbuyo.

"Sipoko wanga!" anakuwa. "Chishalo chikundivutanso. Bwera udzandiyeze."

Wanga? Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina pali Sipoko wina.

Iye, m'malo moti aone nkhope yanga, anatulutsa tepi. Anagwada pafumbi, n'kuyeza mwendo wa mtsikanayo kuchokera kuchidendene kukwera m'mwamba, akung'ung'udza manambala. Ndendende mmene anandiyezera ine tsiku loyamba lija. Ndinaima pamenepo ndi chipewa changa chobwereka, ndikudziona ngati chitsiru. Ndinkaganiza kuti tepi ija inali yanga ndekha.

Pachitunda choyamba anandisiya onse. Sipoko anabwerera kudzapalasa pambali panga, koma zinangowonjezera mkwiyo, chifukwa wa jezi yachikasu anatidikira pamwamba akuwomba m'manja ngati ndine mwana wophunzira kuyenda.

"Mwayesetsa, asisi! Tsiku loyamba aliyense amavutika."

Ndinalibe mpweya womuyankhira, ndipo ndi mwayi wake.

Pobwerera, titakweza njinga padenga, Sipoko anapisa m'matumba onse. Kansanza kofiira kaja anali atapukutira tcheni cha munthu wina, kanali bii ndi girisi. Sakanakamanga pachiwongolero cha bambo.

"Ukufuna chofiira?" Mtsikana uja anavula kaduku kamene anamanga kumutu. "Tenga aka."

Ndipo iye anatenga. Anakamanga pachiwongolero mfundo ziwiri, n'kukakoka kuti aone ngati kalimba. Galimoto yonse inadzaza mafuta onunkhira a mtsikanayo.

* * *

Theka la ulendo kaduku kanali pakati pa manja anga, kakundiyang'ana.

"Walusa chiyani?" Sipoko anafunsa pomaliza.

"Umayeza aliyense chonchija?"

"Ndi ntchito yanga. Chishalo chikakhala..."

"Usandiphunzitse za chishalo. Akuti Sipoko wanga. Unamugulitsa liti dzina lako?"

"Amatero ndi aliyense. Wophika tiyi kumsika amamutchanso wanga."

"Ndiye wophika tiyiyo nayenso amamugwadira ngati iwe?"

Anapumira m'mwamba n'kuyang'ana pawindo. Chimene chimandipsetsa mtima mwa Sipoko n'chakuti sakangana. Iwe ukuyaka, iye akuwerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu.

"Ndiponso chinthu ichi chikundinunkhira," ndinatero.

"Kapirire pang'ono. Tikangotsitsa njinga ndikachotsa."

"Sindikufuna chikumbutso. Ndili ndi mutu."

"Ndikudziwa. Koma kasiye."

Titafika pagolosale ya pakona ya msewu wathu, anandipempha kuti ndiime. Anati sangalowe m'nyumba ya bambo chimanjamanja, agule chakumwa, andipeza pageti. Potsika analoza kaduku ndi chala.

"Ndamva!" ndinakalipa.

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, poopa penti ya bambo. Ndisanachotse galimoto, china chake chinanjenjemera pampando. Anali ataiwala foni yake. Sindinaitole, sindine wotero. Koma uthenga unadzionetsa wokha pagalasi, ndipo maso alibe chitseko.

"Kaduku kanga usapatsire munthu. Udzandipatse wekha."

Ndinamasula mfundo zija ndi zikhadabo, imodzi inandithyola chikhadabo. Ndinakaponya pansi pa mpando n'kuponda mafuta. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kukonza mawu omulandirira nawo. Geti linali lotsegula, bambo anali atalitsegula kudikira mkazi wawo wachiwiri. Ndinakhota mmene ndakhala ndikukhotera zaka zonse, kuwongola, n'kulunjika m'shedi.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Chitsulo chinalira pamwamba panga, galimoto inagwedezeka, denga linabonyokera m'kati mpaka linandikhudza tsitsi. Wilo la njinga linagwa pagalasi lakutsogolo n'kugubuduka kupita m'maluwa a amayi.

Ndinatuluka m'galimoto. Pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja, panali Wamasipeya. Anali ataona zonse, ndipo sanadzuke n'komwe.

Sipoko anafika akuthamanga, botolo lili m'manja. Anandigwira mapewa.

"Wavulala?"

Ndinapukusa mutu. Anayang'ana m'mwamba. Njinga yake inali itapindika pakati, itakodwa pamtanda, ndipo mtandawo unali utazuka mbali imodzi, ukutsamira padenga la galimoto. Malata a shedi ankalira, akutsika pang'onopang'ono.

"Shedi igwera galimoto. Ibweze m'mbuyo, msanga!"

Ine ndinangoima n'kumayang'ana denga lobonyokalo. Iye sanadikire. Anaponya botolo pa udzu, n'kulowa, n'kuibweza galimoto pang'onopang'ono mpaka inatuluka. Mtanda unagwa pansi pamalo pamene inali.

Nthawi yomweyo bambo anatulukira kuchokera kuseri kwa nyumba, ndowa ya madzi a sopo ili m'manja. Anali akukonzekera kuisambitsa fumbi la kumapiri. Anaona denga. Anaona shedi. Kenako anaona amene wakhala pachiwongolero.

Ndowa inagwa.

"Tsika," anatero, mawu ali pansipansi.

Sipoko anatsika. Ndinatsegula pakamwa, koma iye anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinatseka pakamwa. Ndinaopa nkhope ya bambo. Ndinali ndisanaionepo ili choncho.

"Pepani, bambo," Sipoko anatero.

"Mfundo ziwiri zokha ndinapereka. Ziwiri! Unabwera ndi tepi yako kudzandiphunzitsa pakhomo panga, lero waonetsa kuti umanena zoona, eti? Tenga zitsulo zakozo. Phazi lako ndisadzalionenso pano."

Sanadziteteze. Anamasula njinga yake pa kaliyala wopindikayo, anakatola wilo m'maluwa, anatenga foni yake m'galimoto. Anawerama nthawi yaitaliko potenga foniyo. Kenako anakoleka felemu paphewa n'kutuluka pageti osandiyang'ana.

* * *

Pabalaza amayi anali atayala nsalu yatsopano patebulo ndi makapu a alendo. Mpando umene anakonzera Sipoko anakhalapo Wamasipeya. Bambo anakhala atagwira mutu. Ndinaima pakhomo mphindi zingapo, mpaka ndinalephera kupirira.

"Bambo, ndinagunda ndine."

Sanadzutse mutu.

"Ndinali ndekha m'galimoto. Iye anatsikira pagolosale. Analowa kuti aichotse shedi isanaigwere. Akanapanda iye, bwenzi pano..."

"Taona," bambo anauza amayi. "Wa masipokoyo wamuphunzitsanso kunama. Mwana amene sanandinamizepo."

"Sindikunama!"

"Ndinakuphunzitsa ndekha kuyendetsa. Iwe sungalowe m'shedi ndi katundu padenga. Ndipo ngati sanalakwe, anapepesa chiyani?"

Chikhulupiriro chimene ndakhala ndikuchifuna kwa bambo moyo wanga wonse chinabwera tsiku limenelo, pa nthawi imene sindinkachifuna.

"Afunseni awa," ndinaloza Wamasipeya. "Anali pakhonde. Anaona zonse."

Amayi anatembenukira kwa iye. "Tauzani, mwanawe. Munaona chiyani?"

Wamasipeya anaika kapu pambale mosamala, n'kupukuta pakamwa.

"Amayi, zinachitika mofulumira. Ine ndinadzidzimuka ndi phokoso. Amene ndinamuona bwinobwino pachiwongolero ndi yemwe bambo anamuonanso."

Sananame liwu ndi limodzi lomwe, ndipo ndicho chinandinyansa kwambiri. Ndinalakalaka kumuthira tiyi pamalaya oyerawo.

"Musadandaule za denga, bambo," anapitiriza. "Ndili ndi mnzanga wowongola magalimoto, simudzazindikira n'komwe. Mawa ndibwera tikaisiye galimotoyi kumeneko. Mwina achemwaliwa angandiperekeze, kuti wina wa pakhomo pano aone mmene ntchito ikuyendera."

"Apita," bambo anatero.

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti iwo anandikhulupirira. Koma anangotola makapu.

* * *

Ndinatuluka panja dzuwa likulowa. Botolo la chakumwa lija linali likadali pa udzu, losatsegula. Ndinamuimbira Sipoko kanayi, osayankha. Ndinalemba uthenga.

"Ndawauza zoona. Sakundikhulupirira. Unapepeseranji? Ukanangonena."

Anawerenga. Panapita nthawi. Ndinalembanso.

"Njinga yako tidzaikonza. Ndithandiza. Chonde yankha."

"Felemu ikapindika chonchija siwongoka," anayankha. "Koma za njinga zisiye."

"Nanga chiyani?"

"Ndimaganiza kuti kaduku kanamasuka kokha. Ndimadziimba mlandu kuti sindinamange bwino, n'chifukwa chake ndinapepesa. Kenako potenga foni ndinakaona pansi pa mpando."

Ndinakhala pansi pa udzu. Ndinalemba za uthenga wa mtsikana uja, ndinafufuta. Ndinalemba kuti pepa, ndinafufuta, chifukwa linaoneka laling'ono kwambiri. Ndisanapeze mawu, wake unalowa.

"Bambo ako sanandikhulupirire za mtanda, sindinadabwe, sandidziwa. Iwe umandidziwa. Ndinamanga mfundo ziwiri. Zoterezo sizimasuka zokha."

Ndinathamangira kugalimoto n'kutsegula chitseko. Ndinapisa dzanja pansi pa mpando, uku ndi uku, mpaka ndinagwada. Ndinkafuna ndikaonetse bambo kadukuko, ndiwafotokozere chimene kanamangidwira ndi amene anakachotsa. Unali umboni wokhawo umene ndinali nawo.

Panalibe. Foni inanjenjemeranso m'dzanja langa.

"Kaduku ndatenga. Mwini wake akuti ndikamupatse ndekha."